Kasungu wa mawa asamafanane ndi Dubai

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi achinyamata amene akusintha zithunzi pa kompyuta ndi pa foni pofuna kuonetsa momwe tauni yathu ya Kasungu idzaonekere mtsogolo. Kasungu ali m'gulu la matauni asanu ndi atatu amene akuyembekezeka kukula n'kukhala mizinda mogwirizana ndi masomphenya a Malawi 2063, choncho n'koyenera kuti ana ake aziganizira za mawa lake. Ena amaonetsa mzinda wowala wa nyumba zosanjikizana, ena tauni youma, damu la Chitete litaphwa, fumbi litakuta msika. Zonsezi n'zofunika. Chotidandaulitsa n'chakuti ambiri amangodula nsanja za ku Dubai n'kuzimata m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo aliyense amaona msanga kuti n'zomata.

Ntchitoyi imayambira pa chithunzi chojambula wekha. Imani pamalo athyathyathya, foni ikhale mulingo wa maso, pafupifupi mamita 1.6 kuchokera pansi, osaipendekera kumwamba chifukwa nyumba zimaoneka ngati zikugwa chagada. Jambulani kamera ya foni ili pa 1x, osakuza kapena kuchepetsa. Lens ya 0.5x imapinda zinthu za m'mphepete. Nthawi yabwino ndi 7 koloko m'mawa kapena 4 koloko madzulo, mithunzi ikamaoneka bwino, ndipo kumbukirani mbali imene kunali dzuwa. M'chithunzimo musiye china chake choti munthu wa kuno achizindikire: phiri la Kasungu, njinga za kabaza, chigafa cha fodya. Phiri likasowa, mwapanga mzinda wa eni.

Simufunika kulipira pulogalamu yosinthira zithunzi ya Photoshop, chifukwa pali ena. GIMP ndi yaulere, Photopea imagwira ntchito pa intaneti popanda kuiika m'kompyuta.

Chimene chimalephereka kwambiri ndi mzere wa maso, pomwe thambo likanakumana ndi dziko pakanapanda nyumba ndi mitengo. Mu GIMP kokani mzere wothandizira kuchokera pa rula ya pamwamba, muuike pamenepo musanamate chilichonse. Kuti mudziwe ngati mwauika bwino, onani mitu ya anthu akuluakulu oimirira: pamalo athyathyathya, wapafupi ndi wakutali yemwe, mitu yawo imagwera pafupi ndi mzerewo. Ndiye nyumba iliyonse imene mukubweretsa, ngati ili motsata msewu, mizere ya mawindo ndi denga lake iyenera kukathera pamalo omwewo pamene mphepete ziwiri za msewu zikukumanirana. Chida cha Perspective, chimene mumachitsegula ndi Shift+P, chimakonza zimenezi. Koma sichingapulumutse nyumba yojambulidwa ndi drone: ngati denga lake likuoneka pamwamba pomwe inu munajambula muli pansi, itayeni, pezani ina.

Kukula kwa nyumba muziyeza ndi munthu. Chitseko chimatalika mamita awiri, nsanjika imodzi pafupifupi mamita atatu, kutanthauza anthu awiri ataimirirana pamutu. Nyumba ya nsanjika 10 ndiye kuti ndi mamita 30. Mukapanda kuyeza, mupeza wakabaza akulingana ndi nsanjika yachitatu.

Chinthu chilichonse chikhale pa layer yake, imene ili ngati pepala loonekera losanjikizidwa pa chithunzi, ndipo musadule ndi chofufutira. Ikani mask, chophimba cha pa layer: mtundu wakuda umabisa, woyera umabweza, ndiye mukalakwitsa simutaya kanthu. Feweretsani m'mphepete ndi pixel imodzi kapena ziwiri basi. Kamzere koyera kamene kamatsala kuzungulira nyumba ndi thambo la kumene inachokera; kabiseni ndi burashi yaing'ono.

Tsopano mithunzi, pomwe pagona ntchito yeniyeni. Zithunzi zambiri za nyumba zimachokera kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, komwe dzuwa la masana limakhala kumwera. Kuno tili pafupifupi madigiri 13 kumwera kwa equator, ndiye mu June ndi July dzuwa la masana limapendekera kumpoto, mithunzi n'kugwera kumwera. Ngati mtengo wa mango uli ndi mthunzi kumanzere, nyumba yanunso iwale kumanja. Ikakana, itembenuzeni ndi Flip, koma samalani ndi zolemba za pakhoma chifukwa nazo zimatembenuka. Mthunzi wake jambulani pa layer yatsopano ya Multiply (njira yosakaniza ma layer imene imadetsa za pansi pake), mphamvu yake 40 mpaka 60 peresenti. Musagwiritse ntchito wakuda bii. Tengani mtundu pa mthunzi umene ulipo kale m'chithunzimo. Mithunzi ikhale iwiri: wautali wotsata dzuwa, ndi wina wopyapyala, wakuda kwambiri, pomwe khoma lakhudza dothi. Wachiwiriwu ukasowa, nyumba imayandama. Za dzuwa lopendekera kumpoto zija zikukhudzanso ma sola amene mukuika pamadenga a mzinda wanu wabwino: kuno amayang'ana kumpoto.

Chakutali chimatuwa. Onani phiri mu October, utsi wa lupsa ndi fumbi zitadzaza mlengalenga. Nyumba yakutali ikakhala yakuda kapena yowala kuposa phiri limene lili nayo mtunda umodzi, chinyengo chaululika. Ithireni utoto wa thambo pang'ono, 10 mpaka 20 peresenti.

Wofuna tauni yowonongeka asafulumire kuthira moto paliponse. Jambulani dothi long'ambika la kudambo, dzimbiri la malata akale, khoma losweka, muziike pamwamba pa nyumba ndi Multiply kapena Overlay. Utsi wojambulidwa pamalo akuda umalowa bwino ndi njira ya Screen, imene imabisa zakuda. Mpopi wouma ndi mzere wa zigubu zopanda madzi zimaopsa munthu wa kuno kuposa nsanja zoyaka. Pomaliza thirani noise (timadontho ting'onoting'ono) pang'ono pa chithunzi chonse, kuti zomata zosalala zifanane ndi timadontho ta kamera ya foni.

Sungani ntchito ngati XCF kapena PSD, mitundu ya mafayilo osunga ma layer, pafupipafupi, chifukwa magetsi akathima ma layer osasungidwa apita. Chosindikiza pa A4 chimafuna ma pixel 2480 kwa 3508. Pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chichepetsedwa.

Pempho lathu lalikulu ndi ili: lembani mawu oti "chithunzi chopeka" pa chithunzi penipenipo, osati pansi pokha, chifukwa chikamatumizidwa kwa ena mawu apansi amatsala. Chithunzi cha msika ukuyaka chikafika kwa mayi amene ali ku Santhe, mwana wake akugulitsa mumsikamo, iye sadziwa kuti ndi luso. Bisani nkhope za anthu ndi mayina a masitolo, ndipo chithunzi cha munthu wina musachitenge osapempha, chifukwa lamulo la Copyright la 2016 limateteza mwini wake.

Owerenga anu,
Kasungu