Kalata ya Abusa: Nsembe Yotiyanjanitsa ndi Mulungu Inaperekedwa Kale

Kwa akulu a mpingo, madikoni, amayi a Mvano, achinyamata ndi akhristu onse a m'milaga yathu muno mu Blantyre,

Okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi kwa Ambuye Yesu Khristu zikhale nanu nonse.

Pamene tikukonzekera Mgonero wa Ambuye, ndaona kuti ndi bwino ndikulembereni za maziko a chiyanjano chathu ndi Mulungu, chifukwa pamene akulu a mpingo akhala akuyenda m'makomo mwanu, funso limodzi lakhala likubwerabwera, ngakhale aliyense amalifunsa m'njira yake. Wina akufunsa kuti apereke chiyani kuti Mulungu amukhululukire tchimo limene anachita kalekale; wina akuganiza kuti matenda amene amugoneka ndi malipiro a zolakwa zake; ndipo alipo ena amene anasiya kufika pa gome la Ambuye, osati chifukwa bwalo la akulu linawaimitsa, koma chifukwa anadziweruza okha kuti ayambe akonza moyo wawo, kenaka adzabwere. Onsewa akuganiza ngati nsembe yotiyanjanitsa ndi Mulungu ikudikira ife kuti tiipereke. Malembo akunena kuti nsembeyo inaperekedwa kale, ndipo amene anaipereka ndi Mulungu mwini wake.

Sindikufuna kupeputsa tchimo. Mneneri Yesaya, pa mutu 59 ndime 2, akuti zoipa zathu ndizo zatilekanitsa ndi Mulungu wathu, ndipo Paulo pa Aroma 3:23 sakupatula munthu ndi mmodzi yemwe. Makolo athu ankati mlandu suola, ndipo ankanena zoona. Amene munakhalapo pa bwalo la amfumu mukudziwa mmene zimayendera: ng'ombe za munthu zikadya chimanga cha mnzake, mawu akuti "pepani" paokha sathetsa nkhani, chifukwa nkhokwe ya mwini munda ikhalabe yopanda kanthu. Wolakwa amabwera ndi mbuzi kapena nkhuku, amaipereka pamaso pa anthu, ndipo mwini munda akailandira m'pamene awiriwo amagwirana chanza ndi kuyambanso kupalana moto. Nzeru imeneyi imatithandiza kumvetsa kuti chiyanjano chenicheni chili ndi mtengo wake. Koma pa mlandu wathu ndi Mulungu zinthu zinayenda mosiyana kwambiri, pakuti wolakwa anafika pa bwalo chimanjamanja, ndipo wolakwiridwayo ndiye anatulutsa chipepeso m'khola lake.

Zimenezi zikuonekera kale m'Chipangano Chakale. Pa Levitiko 17:11 Mulungu akuti moyo wa nyama uli m'mwazi, ndipo akuonjezera kuti Iye ndiye waupereka kwa Aisraele pa guwa la nsembe kuti uchite chitetezero cha moyo wawo. Nsembe sinali nzeru ya anthu yofuna kunyengerera Mulungu wokwiya. Inali njira imene Mulungu anaitsegula yekha. Ndikupemphani kuti m'sabata ino muwerenge Levitiko 16 modekha m'mabanja mwanu, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a ife tikafika pa buku limeneli timafulumira kutembenuza masamba. Kamodzi kokha pa chaka, pa tsiku la chitetezero, limene linali tsiku la 10 la mwezi wa 7, mkulu wa ansembe ankasamba thupi lonse, kuvula zovala zake zaulemerero ndi kuvala zabafuta, kenaka n'kupha ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake, pakuti nayenso anali wochimwa. Ankalowa kuseri kwa chinsalu chotchinga malo opatulikitsa atanyamula makala amoto ndi zofukiza zodzaza manja, kuti utsi uphimbe chotetezerapo, chivundikiro cha likasa la chipangano, iye angafe, ndipo ankawaza mwazi ndi chala chake kasanu ndi kawiri. Panalinso atonde awiri amene ankawachitira maere. Mmodzi ankaphedwa ndipo mwazi wake unkalowa m'malo opatulikitsa, pamene winayo mkulu wa ansembe ankamusanjika manja onse awiri pamutu, kuulula pa iye zolakwa zonse za mtundu wa Israele, n'kumupereka kwa munthu woti akamusiye kuchipululu. Anthu ankaona ndi maso awo zinthu ziwiri tsiku limenelo: kuti tchimo limabweretsa imfa, ndi kuti tchimo lingathe kusenzedwa ndi wina n'kuchotsedwa pakati pawo.

Komabe chaka chotsatira mwambo wonsewo unkachitikanso, kuonjezera pa ana a nkhosa awiri amene ankaperekedwa tsiku ndi tsiku, wina m'mawa wina madzulo, monga mwa Eksodo 29. Wolemba kalata ya kwa Ahebri akunena mosapita m'mbali pa mutu 10 kuti mwazi wa ng'ombe ndi wa mbuzi sungathe kuchotsa machimo, ndipo kuti nsembe zimenezo zinkangokumbutsa anthu machimo awo chaka ndi chaka. Akuti ansembe ankatumikira ali chiimire tsiku lililonse, koma Khristu atapereka nsembe imodzi yokwanira nthawi zonse anakhala pansi ku dzanja lamanja la Mulungu. Munthu sakhala pansi ntchito isanathe. N'chifukwa chake Yohane Mbatizi ataona Yesu akubwera anamutchula kuti Mwanawankhosa wa Mulungu wochotsa tchimo la dziko lapansi, ndipo Marko 15:38 akutiuza kuti Yesu atatsirizika pa mtanda, chinsalu cha m'Kachisi chinang'ambika pakati kuchokera kumwamba mpaka pansi. Kachisiyo Aroma anamugwetsa m'chaka cha 70, ndipo kuyambira pamenepo nsembe za nyama zinatha ku Yerusalemu; Ayuda amasungabe tsiku la chitetezero mpaka lero posala kudya ndi kupemphera.

Achinyamata ena afunsa funso labwino, ndipo siliyenera kuyankhidwa mokalipa. Akuti, ngati Mulungu ndi wachikondi, analekeranji kungokhululuka popanda mwazi, ndipo kodi si nkhanza kuti Atate alange Mwana wosalakwa? Yankho langa ndi lakuti Mulungu amene angangotseka maso pa tchimo sangakhale pothawirapo pa mkazi wamasiye amene walandidwa nyumba, kapena pa mwana amene wachitidwa nkhanza. Aroma 3:26 akuti pa mtanda Mulungu anaonetsa kuti ndi wolungama, komanso kuti ndi amene amayesa wolungama munthu wokhulupirira Yesu. Ndipo tisamaganize kuti pa Gologota panali Atate wokwiya mbali ino ndi Mwana wokakamizidwa mbali inayo. Pa 2 Akorinto 5:19 Paulo akuti Mulungu anali mwa Khristu, akuyanjanitsa dziko lapansi kwa Iye yekha, osawerengera anthu zolakwa zawo, ndipo Yesu mwini pa Yohane 10:18 akuti palibe wina amulanda moyo wake, koma akuutaya yekha. Woweruza ndi yemweyo amene anasenza chilango.

Tsono ndibwere ku zimene zikuchitika pakati pathu. Mu mzinda muno muli maphunzitso amene akufalikira kudzera pa wailesi, pa kanema ndi pa WhatsApp, onena kuti munthu abzale mbewu ya ndalama, agule mafuta kapena madzi odalitsidwa, kuti matemberero a makolo ake asweke ndi kuti Mulungu amumvere. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwapitako, ndipo sindikukunyozani, chifukwa munthu amene mwana wake wadwala kapena ntchito yamuthera amagwira chilichonse chimene dzanja lake lafikira. Koma ndiyenera kunena mosabisa kuti aliyense amene akugulitsa chikhululukiro kapena chiyanjo cha Mulungu akugulitsa chinthu chimene si chake. Pamene Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama zake zitayike naye pamodzi, monga tikuwerenga pa Machitidwe 8:20. Petro yemweyo m'kalata yake yoyamba akuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide, koma ndi mwazi wa mtengo wapatali wa Khristu. Chenjezo limeneli likutikhudzanso ife atsogoleri a mpingo uno. Chakhumi, masika ndi Pepa Sande ndi zopereka zoyamika, zimene zimayendetsa ntchito ya mpingo ndi kuthandiza osowa, ndipo ngati pali mkulu kapena dikoni amene anakupatsani maganizo akuti khadi la zopereka lodzaza bwino ndilo likuyandikitsani kwa Mulungu, ameneyo analankhula zimene mpingo suphunzitsa.

Kwa inu amene mukuganiza kuti masautso anu ndi malipiro a machimo, ndikulankhula mofatsa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, kunamveka mawu akuti Mulungu walanga anthu a kumeneko. Mawu amenewo anapweteka anamfedwa kachiwiri. Yesu anayankha kale maganizo otere pa Luka 13:4, pamene ananena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti iwo anali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. M'malo mwake anaitana onse omumva kuti alape. N'zoona kuti machimo ena amabala zowawa zooneka, monga banja kupasuka chifukwa cha chigololo kapena thupi kuonongeka chifukwa cha mowa, ndipo n'zoonanso kuti Mulungu amalanga ana ake pofuna kuwaongola. Koma ululu wanu sungalipire tchimo, ndipo sukufunika kuti ulipire, chifukwa Yesaya 53:5 akuti chilango chotitengera ife mtendere chinagwera Iye.

Inu amene mwakhala mukutuluka m'tchalitchi Mgonero usanayambe, kapena kukhala kumbuyo n'kumangoyang'ana pansi mbale ikamadutsa, taonani zimene zimakhala pa gomepo akulu akachotsa nsalu yoyera. Palibe mpeni, palibe moto, palibe nyama yomangidwa miyendo. Pali mkate wonyemedwa ndi chikho, ndipo inu ntchito yanu ndi kutambasula dzanja n'kulandira. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tili chikhalire ochimwa, osati titadzikonza. Kudziyesa kumene Paulo akulamula pa 1 Akorinto 11:28 ndi koti munthu azindikire tchimo lake, alape, kenaka adye. Sikuti athawe gome mpaka atadziona kuti wayera.

Izi sizikutanthauza kuti amene tinawalakwira tingowaiwala. Zakeyo, Yesu atalowa kale m'nyumba mwake, analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Sanagule chipulumutso ndi kubwezako. Anabweza chifukwa chipulumutso chinali chitamufikira. Choncho amene muli ndi ngongole ya ku banki m'khonde imene mukuizemba, amene munasuntha malire a puloti ya mnansi wanu, amene simulankhulana ndi mlamu wanu kuchokera pa maliro aja, Mateyu 5:23-24 akukuuzani kuti musiye mtulo wanu, mupite mukayanjane ndi m'bale wanu, kenaka mubwere. Ngati nkhaniyo ndi yolemera moti simungathe kuiyamba nokha, uzani mkulu wa mlaga wanu kuti akuperekezeni.

Mapemphero okonzekera Mgonero adzachitika Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko masana, ndipo ndikupempha akulu a milaga kuti pofika Lachinayi akhale atandipatsa mayina a odwala ndi okalamba amene sangathe kuyenda, kuti tidzawapititsire Mgonero kunyumba. Aliyense wofuna kulankhula nane payekha andipeza ku ofesi ya mpingo Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa.

Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, chikondi cha Mulungu, ndi chiyanjano cha Mzimu Woyera zikhale ndi inu nonse.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo