Bambo wa chipewa chopindika uja

Wokondedwa Chisomo,

Amayi ako andiuza kuti unapeza chithunzi chakale m'sutikesi n'kufunsa kuti bambo wa chipewa chopindika uja ndani. Akuti anangokuyankha kuti ndi agogo awo, kenako n'kukulanda. Usawakwiyire, pepalalo lafooka kwambiri, ukangolipinda pang'ono litha kuthyoka. Koma funso lakolo landisowetsa tulo milungu itatu.

Ine ndi amayi ako tinakula tikumva kuti agogo athuwo anamenya nawo nkhondo ya Chiwaya. Imeneyo ndi ija inayamba mu 1914 n'kutha mu 1918, imene inafika mpaka ku Karonga. Palibe anatsutsapo. Ndiye ndinabwereka galasi lokulitsira zinthu, n'kukhala pafupi ndi zenera, n'kuyamba kuyang'ana chithunzicho pang'onopang'ono monga umachitira iwe ukamafunafuna nsabwe pa galu wako uja.

Pachifuwa pawo pali mamendulo, ndipo imodzi ndi nyenyezi. Ndinawerenga nsonga zake, n'kupeza 6. Ndinawerenganso, 6 zomwezo. Mtima unagunda, mphwanga! Nyenyezi imene ankapereka pa nkhondo ya Chiwaya ili ndi nsonga 4 ndi malupanga awiri opingasana pakati. Ya nsonga 6 ndi ya nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945. Zaka zonsezi takhala tikuwaika agogo m'nkhondo ya eni ake.

Ndinapita kwa agogo ako aakazi, ndipo nditawanyengerera anatulutsa kachitini kadzimbiri. Munali nyenyezi ija yeniyeni, yolembedwa kuti Burma Star, kansalu kake kofiira pakati. Ndinaitembenuza kuti ndione dzina, koma kumbuyo kuli mbee. Mamendulo a nkhondo yachiwiri Angelezi ankawapereka opanda mayina, pamene a nkhondo yoyamba ankadindapo dzina ndi nambala ya msilikali. Zinandiwawa pang'ono zimenezo, ndisakubisire.

Burma ndi dziko limene lero limatchedwa Myanmar. Uwapemphe aphunzitsi ako akusonyeze pamapu, uone kutalika kwake. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la King's African Rifles, limene anthu ankangoti KAR, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Anakwera sitima yapamadzi mpaka ku Ceylon, kumene tsopano amati Sri Lanka, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw kukamenyana ndi asilikali a ku Japan. Inali nyengo ya mvula yosakata, matope lekaleka, udzudzu ndi malungo ponseponse. Chipewa chachikulu chopindika mbali imodzi chija n'chimene ankavala m'nkhalango zimenezo. Taganiza, agogo athu amene ndinawadziwa atakalamba, akuyenda ndi ndodo, anadutsa mmenemo ali mnyamata.

Chimene chatithandiza ndi kumbuyo kwa chithunzi. Pali manambala olembedwa ndi pensulo, afufutika koma akuwerengeka. Ndikuganiza kuti ndi nambala yawo ya usilikali, ndipo imeneyo imaposa dzina, chifukwa makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mayina athu mmene awamvera. Mwezi wamawa ndipita nayo ku National Archives ku Zomba, kumene amasunga mapepala akale a boma.

Iwenso ndikupatsa ntchito. Loweruka ukakhale pafupi ndi agogo ako aakazi, uwafunse nyimbo imene bambo awo ankakonda kuimba, ndiponso chimene chinawapweteka bambo awowo chala chakumanja. Ine ndikawafunsa amangoti, "Za kale izo," koma iwe sangakukanize. Ukalembe zonse m'kope, ngakhale mawu amene sukuwamvetsa.

Ndikadzabwera ndidzatenga galasi lija, udzawerenge wekha nsonga za nyenyezi. Koma udzayambe wasamba m'manja.

Ndine,
Malume ako