Lipoti la maphunziro ophika nkhuku ndi waffle

Amayi a pampando, a komiti ndi amayi anzanga nonse a m'gulu lathu la Amalawi kuno ku Indiana, ndikupereka lipoti la ulendo umene munandituma Loweruka lapitali, wokaphunzira kuphika nkhuku ndi waffle (chofufumitsa cha fulawa, mazira ndi mkaka chophikidwa m'chitsulo chamagetsi) kwa amayi a mpingo wa anzathu akuda a kuno ku America amene anatiitana. Munandituma chifukwa ana athu obadwira kuno amachikonda chakudyachi ndipo amatipempha kawirikawiri, komanso chifukwa tikufuna chakudya chimodzi cha kuno choti tidzaike pambali pa nsima, mandasi ndi samusa pa tsiku lathu lopezera ndalama.

Tisanayatse moto, mayi wachikulire amene amatsogolera maphunzirowo anayamba wafotokoza kuti chakudyachi chili ndi maphikidwe awiri. Anthu a ku Pennsylvania amene makolo awo anachokera ku Germany amawiritsa nkhuku, n'kuinyenya, n'kuithira pa waffle pamodzi ndi msuzi wokhuthala. Maphikidwe amene tinaphunzira ife ndi enawo, a nkhuku yokazinga, amene anatchuka ku Harlem mu mzinda wa New York, makamaka pamalo odyera a Wells Supper Club amene anatsegulidwa mu 1938. Amati oimba jazz ankaweruka usiku kwambiri, nthawi ya mgonero itapita koma ya kadzutsa isanakwane, ndiye mbale imodziyi inkawakwanira pa zonse ziwiri. Mu 1975 Herb Hudson, wochokera ku Harlem komweko, anatsegula malo odyera a Roscoe's ku Los Angeles, ndipo kuyambira pamenepo chakudyachi chinafalikira kwambiri. Mayiyo ankafotokoza izi monyadira, ngati mmene ife timanenera za chambo cha ku Mangochi.

Ndivomere pamaso panu kuti ndinapita ndili ndi chikaiko. Kwathu nkhuku ndi ndiwo, ndipo palibe amene amathira zotsekemera pa ndiwo. Koma nditaluma nkhuku yamchere ndi tsabola, ya khungu lokhukhutika, pamodzi ndi waffle wofewa wothiridwa madzi otsekemera a mtengo wa maple, ndinamvetsa chimene ana athu amatilondolera.

Mbali yaikulu ya tsikulo inali ya nkhuku, ndipo mpomwe pali zinthu zimene zikusiyana ndi mmene tinazolowerera. Choyamba, saiwiritsa kaye. Ife timawiritsa tisanakazinge chifukwa nkhuku ya lokolo ndi yolimba, koma nkhuku za m'sitolo za kuno n'zanthete, ndipo ukaziwiritsa zimauma ukamakazinga. M'malo mwake nthulizo amaziviika mu buttermilk, amene sasiyana kwenikweni ndi chambiko chathu, atathiramo mchere, adyo ndi tsabola, n'kuziika m'firiji usiku wonse, kapena maola osachepera anayi. Kuwawasa kwa mkakawo kumafewetsa nyama ndipo kumathandiza kuti fulawa amatirire. Amene alibe buttermilk athire supuni imodzi yaikulu ya madzi a mandimu mu kapu imodzi ya mkaka, adikire mphindi 10. Ntchafu, miyendo ndi mapiko ndiye zimakoma kwambiri, pomwe chidali chimauma msanga ngati wophika wacheuka pang'ono.

Chachiwiri chinadzetsa mtsutso ngakhale pakati pa eni akewo, ndicho kutsuka nkhuku. Nthambi ya boma la America yoona za ulimi imalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe pampope, chifukwa madzi odontha ndi othovuka amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa tebulo, pamene moto ndiwo umapha tizilomboto. Amayi ena achikulire anakana kwamtuwagalu kuti iwo sangasiye kutsuka. Ine maganizo anga ndi akuti pophikira anthu ogula titsate langizoli, chifukwa tikhala tikugwira ntchito ambiri m'khitchini imodzi yaing'ono.

Nthuli ikachoka mu mkaka imagubuduzidwa mu fulawa wosakaniza ndi mchere, paprika ndi tsabola wakuda, kenako imasiyidwa pa waya kwa mphindi 15 kuti fulawayo agwire. Mafuta ayenera kufika madigiri 350 a Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 175 a Celsius. Apa ndinaphunzira ndi manja anga. Itafika nthawi yanga ndinadzaza chiwaya ndi nthuli zisanu ndi ziwiri monga timachitira ndi mandasi, ndipo nthawi yomweyo thermometer inatsika, mafuta anasiya kuwira mwamphamvu, fulawa anayamba kusupuka, nkhukuyo n'kumwa mafuta. Mayi uja anandiuza modekha kuti ndichotsemo zitatu ndi kudikira kuti mafuta atenthenso. Nthuli zamafupa zimatenga mphindi 12 mpaka 15, koma chotsimikizira si maonekedwe a kunja ayi, ndi kubaya thermometer pamnofu pokhuthala, osakhudza fupa, mpaka ionetse madigiri 165 a Fahrenheit, kapena kuti 74 a Celsius.

Waffle ndi wosavuta kwa aliyense wodziwa kuphika zitumbuwa kapena chigumu. Tinasakaniza makapu awiri a fulawa, supuni imodzi yaikulu ya baking powder, masupuni awiri a shuga ndi mchere pang'ono, kenako tinathiramo mazira awiri, mkaka wochepera pang'ono makapu awiri ndi theka la kapu ya batala wosungunula. Chenjezo lake ndi lakuti osatakasa kwambiri ngati tikuphika phala, chifukwa waffle amalimba, ndipo timibulu tikatsalamo palibe vuto. Chitsulo chake chamagetsi chiyenera kutentha kaye, ndipo ukathiramo n'kutseka usatsegule mpaka nthunzi yotuluka m'mbali itachepa.

Chimene chinganditayitse mtima pa tsiku lathu ndi nthawi, chifukwa zinthu ziwirizi ziyenera kufika pambale zili zamoto. Iwo amayamba ndi nkhuku, n'kuisunga mu uvuni wa madigiri 200 a Fahrenheit itasanjidwa pa waya, osati m'poto wovundikira monga timasungira ndiwo, poti nthunzi imafewetsa khungu lija. Waffle amabwera pomaliza, ndipo sasanjikizidwa wina pamwamba pa mnzake. Madzi a maple enieni ndi odula, popeza pamafunika pafupifupi magaloni 40 a madzi a mumtengo kuti papezeke galoni imodzi, choncho anationetsa uchi wotenthetsa pang'ono wothira tsabola, umene ine ndinaukonda koposa.

Potsata zimene ndaona, ndikupempha komiti kuti ivomereze kugula thermometer imodzi ndi mawaya awiri osanjikapo nkhuku, ndiponso kuti amayi amene ali ndi zitsulo za waffle m'makomo atibwereke ziwiri, chifukwa chimodzi sichingakwanitse mzere wa ogula. Ndikupemphanso kuti tiyesere kaye kunyumba kwanga Loweruka likubwerali, ndipo ana athu adzakhalepo kuti adzalawe. Nkhuku ndiiviika Lachisanu madzulo, ndiye amene mubwere mundiuze pofika Lachinayi kuti ndidziwe kuchuluka kwake.