Waranti ya pakamwa siikonza injini ya SUV yakaunjika

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anthu amene akusonkhanitsa ndalama zogulira SUV yakaunjika, kaya pa yadi ya m'tauni kaya poitanitsa ku Japan. Misewu yathu ndi imene ikuchititsa kuti ambiri azifuna galimoto zokwera pansi ngati X-Trail, RAV4, Harrier, Forester ndi CX-5, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chimene chikuwaliritsa n'chakuti amayang'ana penti, matayala ndi wailesi, kenaka n'kukhulupirira mawu a wogulitsa akuti ili ndi waranti, osafunsa kuti warantiyo yalembedwa pati ndipo adzalipira ndani injini ikanoka.

Ku Japan, makampani monga Toyota ndi Nissan amapereka waranti ya zaka 3 kapena makilomita 60,000 pa zipangizo wamba, ndi ya zaka 5 kapena makilomita 100,000 pa injini ndi giyabokosi, kutengera chimene chayamba kukwana. Warantiyi imagwira ntchito m'dziko lomwelo basi. Galimoto zambiri zofika kuno zimakhala zitadutsa kale zaka zimenezi, ndipo ngakhale ya zaka 4, ikangokwezedwa m'sitima waranti yake imatsalira padoko. Inshuwalansi yophatikizidwa pa mtengo wa CIF (mtengo wa galimoto, sitima ndi inshuwalansi pamodzi) ndi ya paulendo wa panyanja. Inshuwalansi yaikulu imene mumadula kuno nayonso imalipira ngozi, moto ndi kubedwa, osati injini imene yadzifera yokha. Choncho wogula adziwe kuti tsoka la injini ndi lake, pokhapokha wogulitsa atasaina pepala lonena zina.

N'chifukwa chake dzina la injini ndi lofunika kuposa dzina la galimoto. Toyota ndi yolimba, tonse tikudziwa, koma injini ya 2AZ-FE ya malita 2.4, imene ili mu Harrier, Vanguard ndi RAV4 zambiri, imadziwika ndi kudya oyilo. Timabowo ta pa pisitoni tobwezera oyilo pansi timatsekeka ndi kaboni, maring'i amakakamira, oyilo n'kumapsa limodzi ndi petulo. Pansi pa galimoto simuona dontho lililonse. Mwini wake akamadikira tsiku la sevisi kuti ayeze oyilo, nyali yofiira imayaka mabering'i atayamba kale kudyeka. Pakati pa madontho awiri a pa dipisitiki pamalowa oyilo pafupifupi lita imodzi. Injini ikamatsitsa mulingo wonsewo isanayende makilomita 2,000, ikufuna mapisitoni ndi maring'i atsopano, osati oyilo wolimba amene ena amathira pofuna kubisa utsi.

Imene tikufuna owerenga aimvetsetse kwambiri ndi Mazda CX-5 ya dizilo ya malita 2.2, makamaka zoyambirira za kuyambira 2012. Ndi galimoto yamphamvu, yosawononga mafuta, ndipo mtengo wake pa intaneti umakopa. Mu egizozi yake muli sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF. Sefayo ikadzaza, kompyuta imathira dizilo woonjezera kuti mwayewo upse, ndipo ntchitoyi imafuna kuti galimoto ithamange kwa kanthawi osaima. Munthu woyenda timaulendo tifupitifupi pa mdipiti wa m'tauni amazimitsa injini ntchitoyi isanathe, dizilo uja n'kutsetserekera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, ndi kusungunula oyiloyo. Apa oyilo satsika koma amakwera, ndipo pa dipisitiki pali chizindikiro cha X pamwamba pa mulingo: akafika pamenepo ayenera kukhetsedwa tsiku lomwelo. Vuto lina ndi mawashala a pansi pa mainjekita. Akayamba kuphonya, mpweya wotentha umaphika oyilo kukhala zibuma za kaboni, zibumazo zimatseka sefa ya mu sampu, ndipo ma turbo awiri ndi kamushafuti zimatsala zouma. Injiniyi imafunanso oyilo wa phulusa lochepa, wa mtundu wa DL-1, osati oyilo wa dizilo wa malole. Woyenda kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, amene ali ndi makaniko woidziwa, angathe kuisunga. Wongoyenda kuchoka kunyumba kupita kuofesi asankhe ya petulo, ngakhale itakwera mtengo pang'ono. Wothira mafuta a m'zigubu asaiyandikire n'komwe, chifukwa madzi ndi litsiro zimapha mainjekita msanga.

Pa X-Trail injini ya MR20 siivuta kwenikweni. Chodetsa nkhawa ndi giyabokosi yake ya otomatiki yotchedwa CVT. Imafuna oyilo wakewake, NS-2 pa X-Trail ya mtundu wa T31 ndi NS-3 pa ya mtundu wa T32, ndipo ATF, oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki, amaiwononga. Pa Forester ya injini ya EJ funsani za lamba wa taiming'i, amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 ndipo akaduka amapinditsa mavavu.

Kuyeza kwabwino kumayamba m'mawa, injini isanalizidwe. Gwirani boneti: ngati ili yofunda, wina waitenthetseratu, ndiye bwereraninso mawa. Mnzanu aime kumbuyo pamene mukuliza. Utsi wa buluu ngati wa njinga yamoto yakale ndi oyilo amene akupsa. Utsi woyera wosatha injini itatentha ndi madzi amene akulowa m'masilinda. Kulira kwa tcheni cha m'injini kopitirira masekondi awiri kapena atatu si kwabwino, ndipo kugogoda kwakuya kokwera limodzi ndi moto ndi mabering'i. Tsegulani chotsekera cha oyilo, muunike mkati ndi tochi. Phala lakuda likusonyeza kuti mwini wake ankadumphitsa sevisi, pamene zoyera ngati chambiko zingasonyeze madzi. Injini ikadali yozizira tsegulani redieta, muilize, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Amakaniko ena ali ndi madzi a buluu oyezera mpweya wa mu redieta. Akasanduka achikasu, gasiketi ya hedi yapita.

Mukatero lipirani makaniko wanu, osati wa pa yadipo, kuti ayeze kompuresheni, mphamvu ya kupanikiza mpweya m'masilinda. Masilinda onse asasiyane kupitirira 10 mpaka 15 peresenti. Alumikizenso makina a dayagonosisi, ndipo asangokhutira ndi kuti palibe khodi yosonyeza vuto. Wogulitsa angathe kufufuta makhodi m'mawa womwewo, koma kompyuta imaonetsa kuti mayeso ake amkati sanamalizike chifufutireni, ndipo chimenecho ndi chizindikiro. Poyesa galimoto musangozungulira malo athyathyathya. Pezani mtunda, mukweze anthu, muyatse eyakoni, muziyang'ana singano ya kutentha ndi kumvetsera ngati CVT ikunjenjemera kapena kulira ngati mluzu.

Makilomita a pa dashibodi amabwezedwa, aliyense akudziwa. Pemphani satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan, chifukwa pamakhala makilomita amene analembedwa pa mayeso a boma omaliza, ndi madeti ake. Ngati pepala likuti 140,000 zaka ziwiri zapitazo koma dashibodi ikuti 85,000, nkhani yatha. Pepala la okushoni nalonso limathandiza: giredi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino, R kapena RA ndi galimoto imene inakonzedwapo itachita ngozi. Nambala ya chasisi mungathe kuilemba pa tsamba la intaneti la kampani yake ku Japan kuti muone ngati galimotoyo inaitanidwapo kukakonzedwa.

Woitanitsa yekha alibe mwayi woyeza zonsezi, ndipo ayenera kukumbukira kuti galimoto imene yakhala miyezi itaima imachoka pa Dar es Salaam n'kuyenda makilomita oposa 900 kuti ifike pa chipata cha Songwe, kukwera phiri la Kitonga ku Tanzania, kenaka Chiweta ikalowa kuno. Muuzeni dalaivala asinthe oyilo ndi fyuluta asananyamuke, ayezenso madzi ndi oyilo pa malo alionse othirapo mafuta. Mulingo umene oyilo watsika paulendowu ndi umboni woyamba wa thanzi la injini yanu, choncho mufunseni.

Tsopano waranti ya pa yadi. Ena amapereka ya mwezi umodzi kapena itatu, ndipo ndi yabwino ikakhala yolembedwa. Pepalalo litchule nambala ya chasisi, nambala ya injini, makilomita a tsiku logula, tsiku limene waranti ikutha, ndi zipangizo zimene ikukhudza, chilichonse pachokha: injini, turbo, mainjekita, giyabokosi, kompyuta. Linene ngati wogulitsa adzalipira zipangizo zokha kapena ndi mmisiri yemwe, galaja imene idzakonze, wolipira chokokera, ndi masiku amene ntchito iyenera kutha. Yang'anitsitsani mawu onena za kutentha kwa injini ndi kudya oyilo, chifukwa ndi pamene ambiri amathawira: amati dalaivala ndiye anasasamala. Sungani malisiti onse a sevisi. Wokana kulemba zimene wanena ndi pakamwa wakuuzani kale mmene akuidziwira galimotoyo.

Musanalipire, pitani ku Biwi kapena ku Ndirande mukafunse mtengo wa injini yakaunjika ndi giyabokosi ya galimoto imeneyo, komanso ngati zimapezeka msanga. Ndalama ya chimodzi mwa ziwirizi, pamodzi ndi ya mmisiri, ikhale padera msonkho wa MRA, kalembera ndi inshuwalansi zitalipiridwa. Ngati sizikutheka, tsikani pa galimoto yocheperapo.

Pempho lathu likupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula: liunike mmene mayadi akugwiritsira ntchito mawu akuti waranti pa zikwangwani ndi pa Facebook, ndipo lilimbikitse kuti aliyense wolonjeza waranti azipereka pepala losainidwa pamodzi ndi satifiketi ya ku Japan wogula asanapereke ndalama.

Amisiri a injini okhudzidwa,
Lilongwe