Akatswiri "apeza" aja ndi ati, apeza bwanji?

Akonzi,

Mundipatseko kadanga ndidandauleko pa nkhani za kadyedwe mumatilembera zija, zoyamba ndi mawu oti "akatswiri apeza kuti". Akatswiri ake ati, anayesa pa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, izi simutiuza, ndiye nkhani yanu ndi uthenga wa pa WhatsApp woti madzi a mandimu amasungunula mafuta m'thupi zimangofanana basi. Azakhali anga a shuga anasiya mapiritsi miyezi iwiri nkumamwa ufa wa chammwamba poti anamva kuti "zinafufuzidwa", mapeto ake tinachita kuthamanga nawo kuchipatala usiku. Chammwamba ndi ndiwo zabwino sindikukana ayi, koma ndani anayesa kuti chingalowe m'malo mwa mankhwala?

Kafukufukutu ali mitundumitundu. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anaona kuti anthu odya kwambiri karoti ndi masamba khansa ya m'mapapo siwagwira kawirikawiri, ndiye anati eya chinsinsi chake ndi beta-carotene, kachinthu kamene kamapatsa karoti mtundu wake uja. Zinkamveka ndithu. Koma ku Finland anati tiyese kaye, anatenga azibambo osuta fodya oposa 29,000 nkuwachitira maere, ena kuwapatsa mapiritsi a beta-carotene ena mapiritsi opanda kanthu, nkuwatsatira zaka zingapo. Zotsatira zinatuluka mu 1994, omwe amamwa beta-carotene aja ndi amene khansa inawagwira kwambiri, kuposa anzawo ndi 18 peresenti. Ku America kafukufuku wina wotchedwa CARET anachita kumuimitsa mu 1996 nthawi isanakwane pa chifukwa chomwechi. Nanga oyamba aja ananama? Ayi, kungoti munthu wodya masamba ndi zipatso tsiku lililonse kawirikawiri ndi yemwenso ali ndi kangachepe m'thumba, fodya amasuta pang'ono, kuchipatala amapita msanga, ndiye sungadziwe kuti chamuteteza ndi karoti kapena zinazi. Maere aja ntchito yake ndi imeneyo, kuti magulu awiriwo afanane pa zonse kupatula chinthu chimodzi chomwe ukuyesacho.

Komanso kafukufuku wambiri wa zakudya amangofunsa anthu kuti mwezi wathawu munadya chani. Kwathu kuno komwe timadyera mbale imodzi anthu asanu, ndani angakuuzeni kuti lachiwiri lapitalo anadya mitanda ingati ya nsima? Ine dzulo lomweli ndaiwala kale.

Si kuti ndikunyoza sayansi, chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Chiponde chomwe amapereka ku sikelo kwa ana onyentchera sichinangobwera poti wina analota. André Briend wa ku France ndi amene anayambitsa phala la mtedza limeneli cha mu 1996, ndipo dokotala wa ana wa ku America, Mark Manary, ndi anzake anadzaliyesa pa ana kuchigawo cha kummwera kwa Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuyerekeza ana odyera chiponde kunyumba ndi ana othandizidwa mwa njira yakale ija yowagoneka kuchipatala, kuwayeza pa sikelo, kuwerenga ochira ndi omwalira. A chiponde anachira ambiri, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza kuti ana otere azithandizidwa kumudzi konko ngati alibe matenda ena aakulu. Umboni ndi umenewo, woti winanso akhoza kukabwereza nkuona yekha.

Ngakhale malangizo a maboma amasintha. Ku America anthu anakhala zaka zambiri akuopa mazira chifukwa cha malire a mamiligalamu 300 patsiku a kolesterolo, mafuta ena ake opezeka m'mazira, koma m'malangizo awo a 2015 malire aja anawachotsa ataona kuti umboni wake unali wosakwanira. Koma mpaka lero ndimamva anthu m'minibasi akuopsezana za mazira, m'dziko loti ana ambiri dzira amaliona pa Khirisimasi.

Ndiye pempho langa Akonzi, mtolankhani wanu asanalembe kuti "apeza" azitiuzako kuti anayesa pa mbewa za mu labu kapena pa anthu, anachita maere kapena anangofunsa mafunso, ndipo ndalama za kafukufukuyo anapereka ndani, poti nthawi zina ndi yemweyo akugulitsa ufawo. Zikamuvuta aimbe foni ku Bunda kapena ku KUHeS, yunivesite ya za umoyo ija, aphunzitsi a za kadyedwe aliko.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba