Tiki imodzi pa foni ya mwana wanu

Ntcheu, Disembala 2025

Okondedwa aNangozo,

Katundu uja anafika Lachiwiri. Mnyamata wa basi anamusiya pa golosale ya bambo a Chikondi. Bulangeti lafika bwino, mafuta odzola afika, koma pepala la shuga linabooka panjira, moti kalata yanu ndinaiwerenga ikumata zala. Zikomo kwambiri, mwandikumbuka. Nsapato zokha n'zazing'ono. Zaka zonse zija tinkabwerekana nsapato popita ku Mvano, lero mwaiwala phazi langa? Joni yakudyani mutu ndithu. Ndawapatsa aNajere, ndipo Lamulungu anakhala benchi yakutsogolo kuti aliyense aziwona.

Tsamba lachiwiri la kalata yanu ndi limene landisowetsa tulo. Mwati ndimuuze mwana wanu abwereko ku Israel, chifukwa akulimira dziko limene likupha ana ku Gaza. Mwati kumeneko anthu amadzaza misewu ndi mbendera za Palestine, ndipo boma la South Africa linakasuma ku khoti la ku The Hague mu Disembala 2023. Ndinalira powerenga, ndipo sikuti mwanama. Zithunzi zija nanenso ndimaziwona. Unduna wa zaumoyo ku Gaza ukuti anthu oposa 60,000 afa, m'kadera kotalika makilomita 41 okha, kosafika ngakhale mtunda wa Blantyre ndi Zomba. Ndine mayi, aNangozo. Kamwana kokulungidwa m'nsalu yoyera sindifunsa kuti n'ka mtundu wanji.

Koma inu munalipo akumaliza dipuloma ya zaulimi, munaphika nawo mpunga tsiku lija. Zaka zitatu anakhala pakhomo pano akugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Ndege yoyamba itanyamuka ndi achinyamata 221 kumapeto kwa Novembala 2023, iye anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo gulu lotsatira analimo. Malata ali padengawa ndi ake. Fizi ya mlongo wake ndi yake, feteleza wa chaka chino ndi wake. Ndimuuze abwere adzatani? Tsiku lina anandiuza yekha kuti ntchito akugwirayo kale inali ya anthu a ku Thailand, komanso ya Apalestina amene zilolezo zawo zinathetsedwa pambuyo pa chiwembu chimene gulu la Apalestina la Hamas linachita ku Israel pa 7 Okutobala 2023. Ndiye kuti lumo limene amadulira mapeyala linali m'manja mwa mwana wa mayi wina, ndipo mayi ameneyo lero alibe womutumizira. Chimenechi ndimagona nacho, musaganize kuti sindichiganiza.

Lero ndi tsiku lachinayi uthenga wanga pa WhatsApp uli ndi tiki imodzi. Ndinangomufunsa ngati wadya. Mlongo wake akuti mwina bando yatha, kapena foni yagwera m'madzi othirira ngati nthawi ija. Ine foni ndimaika pansi pa pilo. Ndikadzuka usiku ndiyang'ana, popita kudimba ndimaimanga pansonga ya chitenje, ndipo dzulo ndinakwera pachulu paja pamene netiweki imagwira bwino, mvula ikuwaza. Tiki imodzi yomweyo. Mu Juni, masiku 12 aja a nkhondo ya Iran, anandijambulira mawu ali m'kanyumba ka simenti kothawiramo mabomba. Ankaseka kuti ndisade nkhawa, koma kumbuyo kwake kunkamveka chiphokoso cha sayirini ndi munthu wina akupemphera m'chinenero chimene sindichidziwa. Mawuwo sindinawafufute. Chiyambire pamenepo nkhani za kumeneko ndimazitsata ngati maliro a pamudzi, wailesi ikangotchula Gaza ndimasiya mthiko mumphika.

N'chifukwa chake pa 13 Okutobala ndinali pa golosale ya bambo a Chikondi kuwonera TV. Aisraeli 20 ogwidwa ukapolo ndi a Hamas amene anatsala amoyo anabwerera kwawo, Apalestina pafupifupi 2,000 anatuluka m'ndende, ndipo atsogoleri anasonkhana ku Sharm el-Sheikh ku Egypt ndi Donald Trump kusainirana mapepala. Amayi a mbali zonse ankagwa pansi chimodzimodzi, kulira kwake kumodzi. ANankhoma anayamba nthungululu m'sitolo momwemo. Ine ndinathokoza Mulungu, pakuti tsiku limene bomba silinagwe ndi tsiku ndithu. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa kugwirana chanza kotere ndinakuwonapo.

Mukukumbuka 1993, chaka cha riferendamu, tili aphunzitsi atsopano tikugona chipinda chimodzi? Mu Seputembala nyuzipepala inatuluka ndi chithunzi cha Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Yasser Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, atagwirana chanza ku Washington, Bill Clinton atatambasula manja pakati pawo. A hedi anachimata pa bolodi mu ofesi. Inu munati chaka chimenecho dziko lonse lasamba, kuno zipani zambiri, kwa Mandela zikutheka, ndipo ngakhale ku Bethlehem kwacha. Pangano lija analikambirana mobisa ku Norway. Zimene tinalibe nazo chidwi nthawi imeneyo n'zakuti nkhani zonse zolemera anaziika pambali. Jerusalem akhala wa yani, malire adutsa pati, othawa kwawo a 1948 abwerera kapena ayi, midzi ya Ayuda yomangidwa m'dera la West Bank itani, zonsezo anati tidzakamba, tadzipatsa zaka zisanu. Mlandu suwola, aNangozo. Mu Novembala 1995 Rabin anawomberedwa ndi Myuda mnzake akuchoka pa msonkhano wa mtendere ku Tel Aviv. A Hamas nawo ankaphulitsa mabasi odzaza anthu. Zaka zisanu zinatha, Clinton anawaitananso ku Camp David mu 2000, anabalalika osamvana, ndipo magazi anayambiranso. M'zaka zonsezo nyumba zinkamangidwabe. Ayuda okhala ku West Bank anali cha m'ma 110,000 nthawi ya pangano lija, lero apitirira theka la miliyoni, osawerengera a kum'mawa kwa Jerusalem. Dera lija analigawa kuti A, B ndi C mongoyembekezera, ndipo C, gawo la pafupifupi 60 pa 100 alionse, likadali m'manja mwa Israel mpaka lero.

Ndikamva zimenezi ndimakumbuka dimba langa. Mukumudziwa uja wa kuseri kwa chulu. A mfumu anatigwiranitsa chanza pabwalo, tinamwera thobwa chikho chimodzi, anthu anawomba m'manja, ndipo anati malire tidzayenda tikakolola. Papita zaka zinayi sanayendebe. Chaka chilichonse munthu uja amalowa mzere umodzi, ndipo chaka chatha anabzalapo nthochi. Tsopano ndikadandaula akuti ndizule bwanji nthochi zobereka kale. Mbuzi zakenso zandithera chimanga chongomera kumene, mizere isanu ndi umodzi, ndabzalanso Lolemba ndi mbewu yobwereka kwa aNajere. Ndinapita kukanena, anandiuza kuti a mfumu ali ku maliro ku Tsangano. Ndipitanso Loweruka. Komanso bondo lija layambiranso, mafuta amene munanditumizira chaka chatha aja ankathandiza, a botolo lobiriwira, osati awa onunkhira maluwawa.

Zanga n'zazing'ono, palibe wafa pa dimba langa. Ndipo musandimve ngati ndikuti mantha a Aisraeli ndi abodza. Pa 7 Okutobala 2023 anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa tsiku limodzi, ena m'nyumba zawo, ena kovina, ndipo pafupifupi 250 anatengedwa. Pakati pa akufawo panali ogwira ntchito m'minda a ku Thailand, ndi anyamata awiri a ku Tanzania amene anapita kukaphunzira ulimi, amsinkhu wa mwana wanu. Akanapita miyezi iwiri m'mbuyo, bwenzi tikunena zina. Munthu amene agogo ake anathera m'misasa ya Hitler, ukamuuza kuti tula mfuti, amafuna adziwe kaye kuti agona bwanji usiku. Winayo agogo ake anamusiyira kiyi wa nyumba imene anathawamo mu 1948, pamodzi ndi anthu pafupifupi 700,000, ndipo kiyiyo akadali naye. Onsewa ukawauza kuti gwiranani chanza, zenizenizo tidzakamba mawa, wawanamiza onse.

Ife a kuno nkhondo itatha tinaiwona ndi maso. Mukukumbuka anthu a ku Angonia aja, othawa nkhondo ya ku Mozambique, anadzaza mbali ino ya msewu kuyambira ku Lizulu mpaka ku Biriwiri, ana awo tikuwaphunzitsa pansi pa mitengo? Dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. A Frelimo ndi a Renamo anakhala ku Rome zaka ziwiri zathunthu, anthu a mpingo a Sant'Egidio ndi bishopu wa ku Beira ali pakati, mpaka Chissano ndi Dhlakama anasaina pa 4 Okutobala 1992, chaka chimodzi chokha chithunzi cha Rabin chija chisanatuluke. Iwo anatafuna fupa lenilenilo, za asilikali, za mfuti, za chisankho, ndipo chisankhocho chinachitikadi mu 1994. Mayi uja ankatigulitsa mbatata ya kachewere anasenza mphasa ndi mapoto, n'kuwoloka msewu kubwerera kumunda kwake. Anatisiyira nkhuku, mukukumbuka, inu munaidya nokha ine ndili ku maliro. Sikuti kwa anzathuwo zonse zinatha, mfuti zinaliranso ku Gorongosa patapita zaka. Koma anthu anapita kwawo. Ndikamva mawu akuti mtendere ine ndimawona mayi ameneyo ndi mphasa yake pamutu, ndipo Apalestina oposa 5 miliyoni olembedwa ngati othawa kwawo sanaliwonebe tsiku lotero.

China chimandivuta ndi ankhoswe. Qatar ndi Egypt ayesetsa, ndiwo anathamanga uku ndi uku mu Novembala 2023 mpaka kunakhala bata la sabata imodzi, ndiponso mu Januwale chaka chino, bata lija linasweka mu Malichi. Koma nkhoswe wamkulu ndi America, amenenso amapereka zida za madola 3.8 biliyoni kwa Israel chaka chilichonse. Kwathu kuno malume a mwamuna sangakhale okha pa mlandu wa banja, a kuchikazi amafuna wawo. Komabe ndi America yemweyo amene mawu ake amamveka ku Jerusalem, ndiye udane naye bwanji? Mayiko a Aluya anapereka mawu awo ku Beirut mu 2002, kuti Israel ikabwerera ku malire a 1967 ndi kulola dziko la Palestine, onse adzakhala nayo pa ubale. Mawuwo anangokhala patebulo. Mu Seputembala muno Britain, France, Canada ndi Australia anavomereza kuti Palestine ndi dziko, ndipo Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel, anayankha kuti dziko limenelo silidzakhalapo. A Hamas zida sanatule. Mahmoud Abbas, pulezidenti wa Apalestina, ali ndi zaka 90, anasankhidwa mu 2005 ndipo chisankho china cha pulezidenti sichinachitikenso. Ndiye pamphasa akhalapo ndani? Pepala la Trump lili ndi mfundo 20, koma za dziko la Apalestina lazitchula kumapeto, kuti mwina njira idzapezeka zinthu zikadzayenda bwino. Ndi mawa yemwe uja wa 1993.

Sabata yatha ku Mvano ananditula kuti ndipemphere, wina n'kunong'oneza kuti ndipempherere Israel poti mwana wanga ali kumeneko. Ndinapempherera Israel, ndinapemphereranso Gaza, ndi Akhristu a ku Bethlehem amene ambiri kuno sadziwa kuti ndi Apalestina. Potuluka ena sanandipatse moni bwino. Mayi a Tadala okha ndiwo anandigwira dzanja, mukudziwa mlamu wawo ndi Msilamu wa ku Balaka. Inu mukundinena kuchokera uko, awa akundinena kuchokera kuno, pamene ine ndikungofuna tiki yachiwiri.

Ndayang'ananso pompano, ikadali imodzi. Magetsi anazima chamadzulo, ndikulemba ndi tochi ya foni yomweyo ndipo batire yafiira, ndiyenera kuisunga mwina aimba usiku, poti nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi miyezi ino. Mnyamata wa basi anyamuka m'mamawa. Mafuta a botolo lobiriwira aja musaiwale, ndipo nsapato ndimavala 7, lembani penapake. Za kubwera kwa mwana wanu sindinakane, kontirakiti yake ikadalipo, koma ndaganiza kuti akangoyankha ndimufunse kaye ngati