Za mnzako wa pakamwa potsekemera uja

Mwananga,

Mlongo wako wandiuza zonse ndipo usamukalipire, wachita bwino. Akuti ndalama ya malata ija ukufuna kumupatsa mnzako uja wa ndalama za pa intaneti zotchedwa bitcoin, eti pakutha pa mwezi ikhala itaswa 30 peresenti. Tulo sindikuliona ine, amayi ako ndiye osanena.

Choko ndinasiya kalekale koma uphunzitsi sukutha, ndiye tamvera. Pa Chingerezi pali liwu lina loti eni ake omwe salitchula kawirikawiri, speciosity. Gwero lake ndi Chilatini, speciosus, chinthu chokongola m'maso. Kale mzungu akati specious amakhala akuyamikira, koma pofika m'ma 1600 liwulo linatembenuka nkuyamba kunena nkhani yosalala, yomveka ngati yoona pomwe ili bodza. Agogo ako sanapite ku sukulu koma ankazidziwa, ankati chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere.

Wabodza wopusa sandiopsa, iwenso ungamugwire. Ndimaopa uyu wa masamu ogwirizana bwinobwino, waulemu, wokuonetsa pa foni ndalama zikulowa. Charles Ponzi ku Boston mu 1920 ankalonjeza 50 peresenti pa masiku 45 ndipo oyambirira ankalandiradi, kungoti ankalandira ndalama za obwera pambuyo, palibe chimene chinkaswa. MMM ya Sergei Mavrodi, bizinesi yachinyengo ya mtundu womwewo, inaliza anthu konko ku South Africa mu 2016, Mirror Trading International nayo inagwa mu 2020 ndi bitcoin yomweyo, iwe ukuganiza kuti onse aja anali mbuli? Munali manesi ndi aphunzitsi mmenemo.

Komanso iwe ndimakudziwa. Uli sitandade 5 unasinthitsa nsapato zatsopano ndi wotchi yosayenda poti imanyezimira, unabwera chosavala ukumwetulira, ndinalephera nkukumenya komwe chifukwa cha kuseka. Mtima wako ndi wabwino mwananga, umakhulupirira anthu msanga, unatengera amayi ako. Koma pano sitikunena za nsapato, ndi thukuta lako la ku Johannesburg.

Mnzakoyo mufunse funso limodzi basi, phinduli likuchokera kuti? Akayamba zoti ubweretse anzako awiri kapena zoti mwayi utha mawa, dzuka uzipita. Mwina iyenso wapusitsidwa, sindikuti ndi mbava, koma ndalama usamupatse. Ngakhale theka usamupatse, wamva? Ngakhale "yongoyesera", imeneyo ndi imene amakubwezera ndi phindu dala kuti uponye yaikulu.

Undiimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ya video, ndikufuna ndizikuona kumaso ukamandiyankha.

Ndine bambo ako.